Kujambula nebula pansi pa thambo la Dedza

Amene anakulira kumudzi amawadziwa Akamwiniatsatana, nyenyezi zitatu zondondozana zija zimene zimafika pamutu madzulo a mu Januwale mitambo ya mvula ikapatuka. Chakumwera kwake kuli kamzere kena ka nyenyezi zing'onozing'ono, ndipo yapakati pa kamzereko, ukaiyang'anitsitsa usiku wopanda mwezi, imaoneka yambuu, yosathwanima bwino ngati zinzake. Imeneyo si nyenyezi imodzi ayi. Ndi chimtambo cha mpweya ndi fumbi chimene mkati mwake mukubadwa nyenyezi zatsopano. Chili kutali moti kuwala kwake, kumene kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi, kumatenga zaka pafupifupi 1,350 kuti kufike m'maso mwathu. Akatswiri a zakuthambo amachitcha Orion Nebula kapena M42, ndipo mitambo yonse ya mtundu umenewu imatchedwa nebula.

Zithunzi zake mwina munazionapo pa Facebook: chinthu chofiira, chotambasula ngati mapiko, chodutsidwa ndi mizere ya fumbi lakuda. Koma munthu akapeza mwayi woika diso pa telesikopu, amachokapo atakhumudwa. Amangoona kachifunga kotuwa ndi tinyenyezi tinayi pakati pake. Ena mpaka amanena kuti zithunzi zija n'zongopeka pa kompyuta. Si zopeka. Diso ndi kamera zikuyang'ana chinthu chimodzimodzi, koma kagwiridwe kake ka ntchito n'kosiyana, ndipo luso lonse lojambula nebula lagona pa kusiyana kumeneku.

M'diso mwathu muli timaselo tamitundu iwiri tolandira kuwala. Tina timasiyanitsa mitundu ya zinthu koma timafuna kuwala kokwanira. Tina timagwira ntchito mumdima, koma sitidziwa kuti ichi n'chofiira, icho n'chobiriwira, ndipo kuwala kofiira ndiye sitikumva n'komwe. N'chifukwa chake pa mwezi chitenje chilichonse chimaoneka chotuwa. Chinanso, diso silisunga. Timaona kuwala kumene kwalowa m'kachigawo ka sekondi, kenako tayambanso. Ungayang'ane nebula mpaka tambala kulira, siiwonjezera kuwala. Kamera ndiye imasunga. Ukaisiya yotsegula kwa mphindi ziwiri, sensa yake, kachipangizo kolandira kuwala ka mkati mwa kamera, imawerenga kadontho kalikonse ka kuwala kamene kagwerapo, n'kumaphatikiza. Zili ngati kukunkha kachewere m'munda mokumbakumba: pamzere umodzi upeza ziwiri kapena zitatu, koma ukapirira n'kuyenda mizere yonse, dengu limadzaza.

Woyamba kujambula nebula anali Henry Draper wa ku America, pa 30 Sepitembala 1880. Anajambula M42 yomweyi, kamera itatsegulidwa kwa mphindi pafupifupi 50, ndipo chithunzi chake chinangoonetsa pakati powala paja. Patangotha zaka zitatu, mu 1883, Andrew Ainslie Common anaijambulanso ali kuseri kwa nyumba yake ku Ealing, mu London, ndi telesikopu ya galasi la mainchesi 36. Pachithunzi chake panatuluka nyenyezi zimene diso silinkatha kuona pa telesikopu yomweyo. Onse awiri ntchito yawo yeniyeni sinali ya zakuthambo: Draper anali dokotala, Common anali injiniya. Kuyambira pachiyambi penipeni, luso limeneli lakhala m'manja mwa anthu ongolikonda.

Chimene chimawalitsa mitambo imeneyi

Gawo lalikulu la nebula ndi mpweya wa haidrojeni, ndipo ndi wopyapyala modabwitsa. M'kabokosi ka sentimita imodzi mbali zonse mungakhale maatomu mazana kapena masauzande ochepa chabe, pamene mpweya umene tikupumawu, m'kabokosi komweko, uli ndi tizigawo mabiliyoni kuchulukitsa mabiliyoni. Chimene chimachititsa kuti tiione ndi kukula kwake. M42 kuchokera mbali ina kufika mbali ina kuwala kumayenda zaka zoposa 20.

Pamene mtambo wakhuthala, umadzikoka wokha n'kuumbika, ndipo pakati pake pamatentha mpaka nyenyezi kuyaka. Dzuwa lathu linabadwa chomwechi zaka mabiliyoni 4.6 zapitazo. Nyenyezi zazikulu zongobadwa kumene zimatulutsa kuwala kwamphamvu kwa ultraviolet, kumene kumathothola elekitironi pa atomu ya haidrojeni. Elekitironiyo ikamabwerera pamalo pake imatulutsa kuwala, ndipo kwakukulu mwa kumene timaona ndi kofiira kwa mtundu umodzi weniweni, kwa mananomita 656 (muyezo wa kutalika kwa mafunde a kuwala), kumene ojambula amangoti H-alpha. Okosijeni amatulutsa kwake kobiriwira mopita ku buluu, kwa mananomita 501. Mu 1864 William Huggins anagawa kuwala kwa nebula ina n'kupeza kuti kukuchokera ku mpweya wowala osati ku gulu la nyenyezi. Kuwala kobiriwira kuja kunazunguza akatswiri kwa zaka zoposa 60, ena n'kumaganiza kuti apeza chinthu chatsopano chimene anachitcha nebulium, mpaka mu 1927 Ira Bowen atasonyeza kuti ndi okosijeni wamba amene amawala mwanjira imeneyi pokhapokha mpweya ukakhala wopyapyala kwambiri.

Si nebula zonse zimene zimayaka zokha. Zina ndi fumbi longobweza kuwala kwa nyenyezi zoyandikana nalo, ndipo zimaoneka zabuluu, monga fumbi limene limatuluka pachithunzi cha Nsangwe. Zina ndi fumbi lakuda bii lotchinga nyenyezi za kumbuyo kwake. Yang'anani pambali pa Mtanda wa Kumwera usiku wa mu Meyi: pali chibowo chakuda mu Mlalang'amba chooneka ndi maso. Si bowo, ndi mtambo wa fumbi wotchedwa Coalsack, wa pamtunda wa zaka za kuwala pafupifupi 600. Palinso zotsalira za nyenyezi zakufa. Helix Nebula ndi mpweya umene nyenyezi yonga dzuwa inataya itakalamba, pamene Crab Nebula ndi zibenthu za nyenyezi imene inaphulika, ndipo akatswiri a ku China analemba za kuwala kwake mu 1054. Zilembo za M zija zimachokera kwa Charles Messier wa ku France, amene ankasaka nyenyezi za mchira n'kumalemba zambuu zonse zimene zinkamusokoneza. Mndandanda wake woyamba unatuluka mu 1774.

Vuto si kuchepa

Apa ndi pamene anthu ambiri amatayira ndalama. Munthu akamva za telesikopu amafunsa kuti, "Imakulitsa kangati?" Ndipo ogulitsa amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake pabokosi la katelesikopu kapulasitiki amalembapo manambala akuluakulu. Pojambula nebula funso limenelo lilibe ntchito. M42 pathambo ndi yotambalala kuposa mwezi wathunthu, pafupifupi kawiri. Carina Nebula ndi yotambalala kanayi kuposa mwezi. Nebula zotchukazi si zazing'ono. Vuto lake n'lakuti kuwala kwake n'kofooka, ndipo kukulitsa kumangokumwaza kuwala kochepako pamalo aakulu, chithunzi n'kuderatu.

Chofunika ndi kusonkhanitsa kuwala. Mumdima mboni ya diso imatseguka mpaka mamilimita 7 basi. Telesikopu ya galasi la mamilimita 70 ndi yotambalala kakhumi, choncho imasonkhanitsa kuwala kochuluka ka 100. Ojambula nebula ambiri amakonda timatelesikopu tifupitifupi ta galasi la mamilimita 60 mpaka 80, ndipo ena sagwiritsa telesikopu n'komwe, amangoika lenzi ya kamera ya 135mm kapena 200mm (nambalayi ikakwera, lenzi imakulitsa kwambiri). Amayang'ananso nambala ya f, imene ikakhala yaing'ono ndiye kuti lenzi imalowetsa kuwala mofulumira. Lenzi ya f/2.8 imadzaza sensa mofulumira kanayi kuposa ya f/5.6, kutanthauza kuti chimene ina yajambula pa mphindi imodzi, inayo ifuna mphindi zinayi.

Chifukwa chake ndikunena za Dedza

Chida chodula kwambiri pa ntchito imeneyi si kamera, ndi thambo lakuda, ndipo limeneli silipezeka m'sitolo. Anzathu a m'mizinda ikuluikulu ya ku Ulaya amayenda maola ambiri kusaka malo amene Mlalang'amba ungaoneke. Pali sikelo ya John Bortle ya mu 2001 imene imayeza mdima wa thambo kuyambira 1, kokuda kwambiri, mpaka 9, pakati pa mzinda. Ife tikangotalikira mababu a pa boma ndi a pa trading centre, kulowera ku Bembeke, ku Chongoni kapena kumtunda kwa Tsangano ku Ntcheu, Mlalang'amba umachita kuoneka mizere yake ya fumbi ndi maso. Kuwala kwa Lilongwe, pamtunda wa makilomita pafupifupi 85, kumangoyeretsa m'munsi mwa thambo chakumpoto cha kumadzulo.

Kukwera kwa malo kumathandizanso. Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja ya mchere, ndipo phiri lake limayandikira mamita 2,200. Fumbi ndi chinyezi chambiri zimatsalira kumunsi, ku Golomoti ndi ku Mtakataka.

Koma mwayi waukulu ndi pamene tili padziko. Dedza ili madigiri 14 kumwera kwa equator, ndipo nebula zokongola kwambiri zili kumwera. Carina Nebula, imene Nicolas-Louis de Lacaille anailemba mu 1752 ali ku Cape, ku London siituluka n'komwe. Kuno imakwera madigiri oposa 40. Mkati mwake muli nyenyezi ya Eta Carinae, imene mu 1843 inawala mpaka kukhala yachiwiri pa nyenyezi zonse za usiku, kenako n'kuzilala. Lagoon Nebula, M8, ku London imangokwera madigiri 14, m'fumbi ndi mu utsi wa m'munsi mwa thambo, pamene kuno imadutsa madigiri 10 okha kuchoka pamutu. Eagle Nebula, M16, imene telesikopu ya Hubble inajambula nsanamira zake za fumbi mu 1995, imadutsa paliwombo penipeni pa Dedza. Zimenezi n'zofunika chifukwa ukaloza pamutu, kuwala kumadutsa mpweya wochepa wa dziko lathu, nyenyezi sizigwedera kwambiri. Tilinso ndi Tarantula Nebula, imene siili mu Mlalang'amba wathu n'komwe koma mu Large Magellanic Cloud, kamtambo koyera kaja kosasuntha ndi mphepo ka kumwera, pamtunda wa zaka za kuwala pafupifupi 160,000.

Thambo lomweli lili ndi nkhanza zake. Kuyambira Novembala mpaka Epulo ndi mvula. Juni ndi Julayi kumayera, koma nkhungu ya ku Dedza imatha kutsika pakati pa usiku n'kuphimba zonse m'mphindi zochepa. Sepitembala ndi Okutobala mitambo kulibe, koma utsi wa tchire lotenthedwa ndi fumbi zimafiiritsa thambo, ndipo nyenyezi za m'munsi zimasowa. Mwezi nawo uli ndi gawo lake: pa masiku 29 ndi theka a kuzungulira kwake, abwino ndi a mdima, sabata imodzi mwezi usanakhale ndi masiku ochepa utangokhala.

Dziko silidikira

Tsegulani kamera kwa mphindi imodzi ili pa tripod wamba, choimikira kamera cha miyendo itatu, muona kuti nyenyezi zonse zasanduka timizere. Dziko limazungulira madigiri 15 pa ola lililonse. Ndi lenzi ya 50mm muli ndi masekondi osapitirira 10 nyenyezi zisanayambe kukokeka, ndipo ndi ya 200mm muli ndi awiri okha. Choncho kamera iyenera kuyenda limodzi ndi thambo. Chida chochita zimenezi chimatchedwa mount, ndipo chaching'ono chonyamula kamera yokha ndi star tracker, monga Star Adventurer ya Sky-Watcher. Ndikanakhala ndi ndalama yogulira chinthu chimodzi chokha, ndikanagula chimenechi n'kubwereka kamera. Telesikopu yabwino pa mount yogwedera siitulutsa kanthu, koma lenzi yakale pa mount yokhazikika imatulutsa Carina.

Mount ya mtundu wa equatorial imazungulira pa msomali umodzi, ndipo msomaliwo uyenera kuloza pamalo amene thambo lonse limaoneka ngati likuzungulirapo. Mavidiyo ambiri a pa YouTube amati lozani ku Polaris. Amenewo ndi a kumpoto. Kuno Polaris ili pansi pa nthaka, siidzatuluka. Ife malo athu ali kumwera, madigiri 14 kuchoka pamene thambo lakumana ndi dziko, ngati chibakera chimodzi ndi theka mutatambasula mkono. Ndi m'munsi kwambiri, moti kaphiri, nkhalango ya paini kapena mzere wa bulugamu ukhoza kutchinga. Posankha malo masana, yambani mwaona kuti kumwera kuli poyera.

Ndipo pamalopo palibe nyenyezi yowala. Yoyandikira ndi Sigma Octantis, yofooka moti diso limaiona movutikira ngakhale kumdima. Njira yodziwika ndi ya Mtanda wa Kumwera: tengani mzere wautali wa mtandawo, kuchokera kumutu kupita kuphazi, muutalikitse kanayi ndi theka. Pamene mwafikapo ndi pafupi. Mu kagalasi koonera ka mount mumasaka tinyenyezi tinayi topanga kabokosi kopendekeka, Sigma Octantis ili imodzi mwa ito. Usiku woyamba zimatha kudya ola lathunthu, mawondo ali pa udzu wonyowa. Pulogalamu yaulere ya Stellarium imasonyeza mmene tinyenyezito takhalira pa ola limenelo, ndipo amene ali ndi laputopu angagwiritse N.I.N.A., imene imajambula mbali zitatu za thambo n'kuwerengera kuti mount isunthidwe motani ngakhale kumwera kutatchingidwa.

Amene alibe ndalama ya tracker asataye mtima. Kalipentala aliyense wa pa msika angapange chida chimene George Haig wa ku Scotland anafotokoza mu 1975: matabwa awiri olumikizidwa ndi hinji ya chitseko. Pa thabwa lapansi mumaboola n'kulowetsa bawuti ya M6, imene mazinga ake amakwera milimita imodzi ikazungulira kamodzi. Bowo likhale mamilimita 228 kuchokera pakati pa hinji. Mukamapotokola bawutiyo kamodzi pa mphindi, imakankha thabwa lapamwamba pa liwiro lenileni la thambo. Hinji iloze pamalo aja a kumwera, ndipo ikhale kudzanja lamanja mukayang'ana kumwera, kuti kamera iziyenda kuchoka kum'mawa kupita kumadzulo. Mumakhala ndi wotchi m'manja, kota ya mzungulo pa masekondi 15 alionse, mofatsa kuti kamera isagwedere. Pakatha mphindi zingapo mubwezere bawuti poyambira, chifukwa matabwa akatseguka kwambiri liwiro limaphonya. Ndi lenzi ya 35mm kapena 50mm chida chimenechi chimatulutsa Coalsack, Carina ndi Lagoon.

Masiku ano kwabweranso timatelesikopu todzichitira tokha, monga Seestar S50 ya kampani ya ZWO, yotuluka mu 2023, ya galasi la mamilimita 50. Umaiika pansi, umasankha nebula pa foni, iyo n'kuisaka yokha. Ndi yabwino pophunzitsa ana a sukulu chifukwa chithunzi chimakula iwo akuona. Dziwani chabe kuti mount yoyenda m'mwamba ndi m'mbali ngati imeneyi imavutika chinthu chikafika pamutu penipeni, ndipo kuno M16 ndi M8 zimadutsa pomwepo. Zijambuleni zisanafike kapena zitapendeka.

Chithunzi chimodzi sichikwana

Chithunzi cha masekondi 60 ukachikulitsa chimadzaza ndi timadontho tosokoneza timene ojambula amati noise. Tina timachokera ku kutentha kwa sensa, tina ku kuwerenga kwa kamera, ndipo tina ku kuwala kumene, chifukwa sikufika mofanana: sekondi ino kwagwa timadontho 8, inayo 13. Mankhwala ake ndi kujambula chinthu chomwecho kambirimbiri n'kusanjikiza zithunzizo pa kompyuta. Nebula imakhala pamalo omwewo m'chithunzi chilichonse, choncho imalimba. Noise imagwa mwachisawawa, choncho imafafanizana. Masamu ake ndi ouma mtima pang'ono: zithunzi 4 zimayeretsa kawiri, 16 kanayi, 100 kakhumi. Kuti uwirikize ubwino uyenera kuwonjezera nthawi kanayi. N'chifukwa chake zithunzi zokongola zija pansi pake amalemba maola, osati masekondi. Kusanjikizaku kumachotsanso mizere ya ndege ndi ya masetilaiti, amene achuluka zedi chiyambireni Starlink, chifukwa pulogalamu imataya chilichonse chopezeka m'chithunzi chimodzi chokha.

Palinso mitundu ina itatu ya zithunzi zosasangalatsa kujambula koma zosayenera kudumpha. Ma dark mumajambula lenzi itatsekedwa ndi chivindikiro, masekondi omwewo, ISO yomweyo (muyezo wa mmene kamera imakuzira kuwala kumene yalandira), kuzizira komweko, kuti pulogalamu idziwe zolakwika za sensa n'kuzichotsa. Ma flat mumajambula kukucha: kutani kutsogolo kwa lenzi ndi tisheti yoyera, mangani ndi mphira, lozani kuthambo, osakhudza fokasi. Amenewa amachotsa mdima wa m'makona ndi zithunzithunzi za fumbi la pa sensa. Ma bias ndi a lenzi yotseka pa liwiro lalikulu la kamera. Makumi awiri kapena atatu a mtundu uliwonse amakwana. Zonse zijambulidwe mu RAW, mtundu wa fayilo wosunga zonse zimene sensa yawerenga, osati JPEG, chifukwa JPEG imataya kuwala kofooka kumene mwagonera panja kuja.

Apa kuzizira kwa Dedza kumasanduka bwenzi. Sensa ikazizira noise yake imachepa, moti makamera apadera a zakuthambo amakhala ndi choziziritsira mkati. Usiku wa mu Juni kuno umachita ntchito imeneyo kwaulere. Koma kuzizira komweko kumabwera ndi mame. Mumaona nyenyezi pa sikirini zayamba kutupa n'kuzilala, mukaunika lenzi mupeza yachita thukuta. Osaipukuta ndi malaya. Tetezani zisanachitike: kulungani katoni kutsogolo kwa lenzi ngati chitoliro, ndipo ngati mungathe pezani kalamba kotenthetsa kolumikiza ku pawabanki. Mabatire nawo amatha msanga kukazizira. Lapadera lisungeni m'thumba la mkati mwa jekete.

Fokasi ndi ina. Autofocus mumdima siigwira, ndipo chizindikiro cha pa lenzi sichodalirika. Lozani nyenyezi yowala ngati Canopus kapena Sirius, ikulitseni pa sikirini, potokolani mpaka ichepetsetse. Chothandiza kwambiri ndi Bahtinov mask, chivindikiro cha mipata yopendekeka chimene Pavel Bahtinov wa ku Russia anatulukira mu 2005, ndipo chimatheka kudula pa katoni yolimba ndi lezala. Chikakhala kutsogolo, nyenyezi imatulutsa mizere itatu. Wapakati ukakhala pakatikati pa iwiri yopingasayo, fokasi yakwana. Matani selotepi, chotsani chivindikirocho, ndipo muonenso pakatha ola chifukwa galasi ndi chitsulo zimakhwinyata usiku ukamazizira.

Nkhani ina imene mavidiyo a kunja sangakuuzeni ndi ya anthu. Munthu wachilendo ali kudambo pakati pa usiku, ndi zitsulo za miyendo itatu ndi katochi kofiira, amaopsa. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu m'maboma a kumwera monga Mulanje ndi Phalombe. Musaitenge mopepuka. Pitani kwa a mfumu masana, muwombe m'manja, munene kuti, "Wawa a mfumu, tabwera kudzapempha malo oti tijambulirepo nyenyezi usiku uno," muwaonetse zida ndi zithunzi, ndipo mupemphe mnyamata wa m'mudzimo akhale nanu. Funsani kumene kuli manda ndi dambwe kuti mutalikire. Mukatero simukhala nokha. Ana amabwera atafunda zitenje, akuluakulu amatsatira, ndipo kamera ikatseka, kachigamba kofiira n'kutulukira pa sikirini, mumamva mayi wina akuti, "Aa! Zimenezi zili kumwamba konkuno, achimwene?" Muwapemphe chabe kuti asayatse tochi ya foni, chifukwa diso limafuna mphindi 20 mpaka 30 kuti lizolowere mdima, ndipo kuwala koyera kumafafaniza zonsezo nthawi imodzi. Ndipo kukacha, telesikopu isalozedwe ku dzuwa ngakhale pang'ono. Imapha diso pompo.

Za mitundu

Zithunzi zikasanjikizidwa mu Siril kapena DeepSkyStacker, mapulogalamu aulere onse awiri, chotuluka chimakhumudwitsa: chakuda, tinyenyezi apo ndi apo. Nebula ilimo, koma yapanikizika kumunsi kwenikweni kwa muyezo wa kuwala. Ntchito yotsatira ndi kutambasula gawo lofookalo pang'onopang'ono mpaka lionekere, osawotcha nyenyezi. M42 ndi yovuta apa chifukwa pakati pake ndi powala kwambiri kuposa m'mphepete. Amajambula zina za masekondi ochepa zosungira pakati, zina zazitali za m'mphepete, n'kuziphatikiza.

Kamera wamba ya DSLR ili ndi kagalasi kutsogolo kwa sensa kamene kamatchinga gawo lalikulu la H-alpha kuti nkhope za anthu zisamafiire. Choncho nebula imatuluka yotumbululuka. Ena amachotsetsa kagalasiko, koma woyamba asathamangire zimenezo, chifukwa Carina, Lagoon ndi Orion n'zowala mokwanira. Palinso mafyuluta olola kuwala kwa haidrojeni ndi okosijeni kokha, amene amathandiza wojambula ali pa boma kapena mwezi uli kumwamba. Pa Nsangwe ndi pa Coalsack sagwira ntchito, chifukwa kuwala kwa kumeneko ndi kwa nyenyezi.

Tsono funso lija la zopeka lili ndi mbali ina imene tiyenera kuinena mosabisa. Kufiira kwa chithunzi cha kamera wamba ndi kwenikweni, diso likanakhala lamphamvu likanakuona. Koma zithunzi zambiri za golide ndi buluu zimatsata njira ya Hubble, imene imajambula mpweya uliwonse paokha n'kuupatsa mtundu: salufa kufiira, haidrojeni kubiriwira, okosijeni buluu. Salufa ndi haidrojeni onse ndi ofiira m'chilengedwe, ndipo amawasiyanitsa dala kuti aoneke pamene pali uyu ndi pamene pali uyo. Si bodza, ndi mapu a mpweya, bola wojambula anene. Chimene ine sindigwirizana nacho ndi mapulogalamu a AI amene amajambulira mizere imene kamera sinaione. Ukaika chithunzi pagulu, lemba lenzi, masekondi, chiwerengero cha zithunzi, malo ndi zimene wachita pa kompyuta. Mnzako wa ku Lizulu kapena ku Linthipe aphunzirapo, ndipo adziwa chimene zida zake zingathe.

Woyamba ndingamulangize ayambe ndi Carina kumapeto kwa Epulo kapena mu Meyi. Mvula imakhala itatsuka fumbi, moto wa tchire usanayambe, ndipo nebulayo imakhala pamwamba pake cha m'ma 7 mpaka 9 koloko madzulo, kudzanja lamanja la Mtanda wa Kumwera mukayang'ana kumwera. Lagoon, Trifid ndi Eagle zidikireni Juni mpaka Ogasiti. Helix ndi ya Sepitembala utsi ukalola. Orion ndi Tarantula zimakwera madzulo nthawi ya dzinja, choncho ndi bwino kuzidzukira m'bandakucha wa mu Okutobala kusiyana ndi kulimbana ndi mitambo ya Januwale. Pa Carina, ndi lenzi ya 135mm pa tracker, yambani ndi f/4, ISO 800 kapena 1600, masekondi 60. Onani chithunzi choyamba mutachikulitsa. Nyenyezi zikakhala zobulungira, siyani kamera ijambule 60 zotsatizana. Zikakhala zokokeka, tsitsani pa masekondi 30 n'kujambula 120.